Laputopu ikakana kuyaka itangolandira apudeti

"Dzulo imagwira bwinobwino. Usiku inalemba kuti ndisaizimitse, ikuika zatsopano. M'mawa uno ndayatsa, yangokana." Wokonza makompyuta aliyense wa m'timashopu ta mumsewu wa Voortrekker ku Parow ndi ku Bellville, kapena ta ku Wynberg chakusiteshoni, kuno ku Cape Town, anamvapo dandaulo limeneli, ndipo ena mwa odandaulawo ndi ife Amalawi. Yankho limabwera msanga: "Tingoifomata, tiikemo Windows wina." Madzulo ake kompyuta imayakadi, mwini wake n'kulipira mokondwa. Amakazindikira ali kunyumba kuti CV yapita, makope a pasipoti ndi zikalata zapita, zithunzi za nyumba imene ikumangidwa ku Mzimba kapena ku Mangochi zapita, kaundula wa zopereka za gulu la maliro wapita. Zonsezo zinalimo pamene ankalowa m'shopumo. Apudeti sinazikhudze. Chinazifufuta ndi kukonzako.

Kompyuta imene yakana kuyaka itangokwezedwa Windows kapena Ubuntu nthawi zambiri imakhala yamoyo ndithu, mafayilo ali m'malo mwake. Chimene chaonongeka ndi njira yowafikira. Kuti izi zimveke tiyenera kudziwa zimene zimachitika pa masekondi ochepa aja, kuyambira pamene mwadina batani kufikira pamene ikufunsani pasiwedi. Amene tinabwera pa basi timaudziwa ulendo wa zipata: Mwanza, Nyamapanda, Beitbridge. Basi ikachedwa sitilira kuti katundu watayika, timafunsa kuti yaima pachipata chiti. Kompyuta nayo ili ndi zipata zake. Choyamba ndi kapulogalamu kokhala pa bolodi lenilenilo la makina, kamene kale kankatchedwa BIOS, masiku ano UEFI. Kameneka kamaona ngati memori, sikirini ndi diski zilipo, kenako n'kupita pa kachigawo kobisika ka diski, kamene pa makina ambiri a Windows ndi ka 100 MB yokha, kukatenga pulogalamu yoyambitsa. Pa Windows dzina lake ndi Windows Boot Manager, pa Ubuntu ndi GRUB. Ngati Secure Boot ndi yotsegula, UEFI imayamba yaona kaye ngati pulogalamuyo ili ndi chidindo chovomerezeka. Ikadutsa, imadzutsa kernel, mtima wa dongosolo lonse, ndipo kernel imaitana madalaivala, timapulogalamu timene timalankhulitsa Windows ndi diski, sikirini ndi kiyibodi. Apudeti yaikulu imagumula ndi kumanganso zinthu zimenezi. Ikalekezedwa pakati, kapena chimodzi chikapanda kugwirizana ndi chinzake, ulendo umaima pomwepo, koma mafayilo anu ali m'chigawo china cha diski.

Ntchito yoyamba tsono ndi kuwerenga, manja ali phee. Jambulani sikirini ndi foni, mawu onse ndi manambala ake, chifukwa uthengawo ndi umene ukunena pamene kompyuta yaima. Ngati palibe kuwala kulikonse, fani siikulira, imeneyo si nkhani ya Windows: yesani soketi ina, tchaja china, ndipo mutazula tchajacho gwirani batani loyatsira kwa masekondi 30. Ngati chizindikiro cha HP, Dell kapena Lenovo chikubwera, kenako mawu akuti "No bootable device" kapena "Boot Device Not Found", ndiye kuti UEFI sikupeza pulogalamu yoyambitsa. Zulani fulashi, memori khadi ndi china chilichonse chobayidwa m'mbali, chifukwa pena makina amangokakamira kuyambira pa fulashi yanyimbo. Zikakanika lowani mu UEFI, pa HP podina F10 mobwereza ikangoyamba kuyaka, pa Dell F2, muone ngati diski ikuoneka ndiponso ngati Windows Boot Manager ali pamwamba pa mndandanda. Muonenso tsiku limene lalembedwamo. Likakhala la zaka zambiri zapitazo, kabatire kakang'ono ka pa bolodi, ka CR2032 pa makina ambiri, katha mphamvu, ndipo makina aiwala m'mene anatcheredwera. Sikirini yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE ikutanthauza kuti kernel yadzuka koma ikulephera kulankhula ndi diski, kawirikawiri chifukwa cha dalaivala wolakwika kapena chifukwa malo olembedwa AHCI mu UEFI asinthika kukhala RAID.

Koma pali chizindikiro china chimene si vuto n'komwe: timadontho tozungulira, kapena peresenti imene yaima malo amodzi. Pa laputopu yakale ya diski yozungulira ndi memori ya 4 GB, apudeti yaikulu imatha kutenga maola angapo. Anthu ambiri amataya mtima, n'kuzimitsa ndi batani, ndipo m'pamene vuto lenileni limabadwira. Kuthamanga sikufika. Ngati kagetsi ka diski kakuphethira, isiyeni pa magetsi mpaka m'mawa.

Nkhani ya magetsiyo ndi yaikulu kuno. M'chaka cha 2023 kampani ya magetsi ya Eskom inazimitsa magetsi mosinthanitsa masiku opitirira 300. Khonsolo ya mzinda wa Cape Town imateteza makasitomala ake pang'ono pogwiritsa ntchito siteshoni ya Steenbras, pamwamba pa Gordon's Bay, imene imapopa madzi kukwera phiri usiku n'kuwatsitsa kupanga magetsi okwana 180 MW akafunika. Koma madera amene amagula magetsi mwachindunji ku Eskom, monga mbali yaikulu ya Khayelitsha, chitetezo chimenecho sichiwafika. Kuzima kwa dziko lonse kunalekeka mu March 2024 kwa miyezi pafupifupi khumi, koma amene amachita lendi kachipinda kakuseri ku Dunoon, ku Masiphumelele, ku Capricorn kapena ku Imizamo Yethu amadziwa kuti magetsi amazima m'njira zambiri: mayuniti atha pa mita ya alandilodi, wina wayatsa ketulo ndi hita nthawi imodzi swichi n'kugwa, waya wochokera nyumba yoyandikana wasololoka. Onjezani apo kuti malaputopu athu ambiri ndi ogula kwa wina kapena opatsidwa ndi abwana, batire linafa kalekale, amangoyendera tchaja. Magetsi akangoti phethi pamene Windows ali pakati polemba mafayilo ake oyambitsira, basi. Microsoft imatulutsa maapudeti ake Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo kuno amafika madzulo, nthawi yomwe mapoto ali pa sitovu ndipo mita ikuthamanga. Amene batire lake ndi lakufa ayambe waona mayuniti asanalole kuti kompyuta iyambirenso.

Sikuti nthawi zonse wolakwa ndi mwini kompyuta kapena magetsi. Pa 19 July 2024 kampani ya ku America ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika ku pulogalamu yake yachitetezo, ndipo malinga ndi Microsoft makina a Windows okwana 8.5 miliyoni padziko lonse anagwa n'kumangobwerera pa sikirini yabuluu. Kuno banki ya Capitec, imene likulu lake lili ku Stellenbosch, inasokonekera m'mawa umenewo, chimodzimodzinso kampani ya ndege ya Airlink. Mankhwala ake anali kulowa mu Safe Mode n'kufufuta fayilo imodzi yoyamba ndi C-00000291. Fayilo imodzi yokha, popanda kufomata. Mwezi womwewo apudeti ya Microsoft inachititsa makina ena kuima pa sikirini yofunsa kiyi wa BitLocker, pulogalamu yokiya diski. Mu August 2024 ina inatsekera kunja Linux pa makina ena okhala ndi Windows ndi Linux pamodzi, ndi uthenga wonena za SBAT. Mu October 2025 ina inapha kiyibodi ndi mausi za USB m'malo okonzera enieniwo a Windows 11, mpaka Microsoft inatulutsa ina yapadera patapita masiku ochepa. Ndikutchula zimenezi kuti munthu asamadzione wopusa pamaso pa wokonza. Zimagwera ndi mabanki omwe, ndipo pa zonsezi mafayilo a anthu anali bwinobwino.

Chimene chachulukitsa mavutowa ndi kutha kwa Windows 10. Microsoft inasiya kumusamalira pa 14 October 2025, kupatula amene analembetsa maapudeti achitetezo owonjezera. Windows 11, amene anatuluka pa 5 October 2021, amafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, UEFI yokhoza Secure Boot, diski yosachepera 64 GB, ndi purosesa yatsopanopo, ku mbali ya Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. Malaputopu ambiri amene amazungulira pa Gumtree ndi pa Facebook Marketplace safika pamenepo. Alipo amene amamulowetsa mokakamiza pogwiritsa ntchito mapulogalamu ngati Rufus olumpha zofunikazo, kenako n'kugulitsa makinawo akuti "ili ndi Windows 11". Imayenda ndithu kwa kanthawi. Koma Microsoft silonjeza kanthu pa makina otero, ndipo mtundu wa 24H2, wa mu October 2024, sudzuka n'komwe pa mapurosesa akale kwambiri ngati Core 2 Duo, chifukwa umafuna malamulo ena amene mapurosesawo alibe. Wogula laputopu yotchipa afunse dzina la purosesa, asakhutire ndi zimene zikuoneka pa sikirini.

Tibwere ku kukonza. Windows ali ndi chipinda chake chokonzera chimene chimabisala pa diski yomweyo. Akalephera kuyaka kangapo motsatizana amachitsegula yekha ndi mawu akuti "Preparing Automatic Repair". Ngati sakutero, mukhoza kumukakamiza: yatsani, chizindikiro cha Windows chikangooneka gwirani batani mpaka izime, mubwereze kawiri kapena katatu. Chitani zimenezi pokhapokha mwatsimikiza kuti apudeti siili pakati pa ntchito. Pa sikirini yabuluu imene ibwere sankhani Troubleshoot, kenako Advanced options. M'menemo muli Startup Repair, imene imakonza zolemba za pulogalamu yoyambitsa. Ndi bwino kuiyesa kamodzi, koma kuibwereza kakhumi sikusintha kanthu. Chothandiza kwambiri pa vuto lathuli ndi Uninstall Updates. Ili ndi njira ziwiri: kuchotsa apudeti yaing'ono ya pamwezi, kapena kuchotsa yaikulu imene yasintha mtundu wonse wa Windows. Yachiwiriyi ili ndi malire ake. Windows amasunga dongosolo lakale mu foda ya Windows.old kwa masiku 10 okha, ndiye laputopu ikakhala pansi pa bedi mwezi wathunthu podikira malipiro, kapena wina akafufuta fodayo pofuna malo, mwayi wobwerera ukhoza kutayika. Ngati sikirini imangoda pambuyo pa chizindikiro cha Windows, pitani ku Startup Settings, muyambitsenso n'kudina 4 kuti mulowe mu Safe Mode. Ikayaka m'menemo, vuto ndi dalaivala, makamaka wa sikirini, kapena antivayirasi yakale, ndipo mukhoza kuzichotsa muli momwemo. Pali batani lina lolembedwa Reset this PC. Limeneli lisiyeni kaye. Ngakhale njira yake yosunga mafayilo imachotsa mapulogalamu onse, ndipo njira inayo ndi kufomata komwe kuja.

Chipinda chokonzerachi chikakana kutseguka, pamafunika fulashi ya 8 GB ndi kompyuta ina yamoyo, ya mnzanu wa kutchalitchi kapena kumzikiti, kapena ya pa kafe ya intaneti. Zonse za pa fulashiyo zidzafufutika. Pa webusaiti ya Microsoft pali Media Creation Tool imene imaikonza kukhala yoyambitsira. Fayilo yake ndi ya magigabayiti angapo, choncho funani wayifayi, osati bandulo ya pa foni. Ibayeni pa yodwalayo, dinani F9 pa HP kapena F12 pa Dell ndi Lenovo, sankhani fulashiyo, ndipo pa sikirini yoikira Windows musadine Install. Funani mawu akuti Repair. Akufikitsani pa zida zomwe zija, kuphatikizapo Command Prompt, pamene wodziwa amalemba lamulo la bcdboot kumanganso mafayilo oyambitsira m'masekondi ochepa.

Komabe ine ndikanakonda kuti dongosolo likhale lina: musanakonze chilichonse chozama, pulumutsani kaye mafayilo. Apa Cape Town ili ndi mbiri yake yonyaditsa. Mark Shuttleworth anaphunzira pa University of Cape Town, anayambitsa kampani ya Thawte mumzinda uno mu 1995, n'kuigulitsa kwa VeriSign mu December 1999 pa ndalama pafupifupi madola 575 miliyoni. Ndi zina mwa ndalamazo anayambitsa kampani ya Canonical, imene inatulutsa Ubuntu, mtundu wa Linux, koyamba pa 20 October 2004. Bungwe lachifundo la Shuttleworth linaika makompyuta a Linux m'sukulu za ku Western Cape pansi pa dzina la tuXlabs, komanso makina otchedwa Freedom Toaster, pamene munthu ankabwera ndi CD yopanda kanthu n'kudzikopera mapulogalamu aulere, poti intaneti nthawi imeneyo inali yodula. Ubuntu ndi waulere mpaka lero, ndipo phindu lake kwa munthu amene Windows wamukanira ndi ili: amayaka kuchokera pa fulashi popanda kuikidwa pa diski. Mumasankha Try Ubuntu, kutsegula diski ya mkati ngati foda wamba, kulowa mu Users, n'kukopera Documents, Pictures ndi Desktop pa diski ina. Ola limodzi kapena awiri, mtima n'kukhala m'malo. Kuyambira pamenepo wokonza akhoza kuyesa chilichonse. Kuyesaku kumaululanso zina: ngati Ubuntu akuyenda bwino pa makinawo, bolodi, memori ndi sikirini zili bwino. Ngati diski ikulira kuti tcheketcheke, kapena kukopera kukuima pa mafayilo ena, diskiyo ikufa, ndipo apudeti yangoulula matenda amene analipo, chifukwa kulemba magigabayiti ambiri nthawi imodzi kumapanikiza diski yokalamba. Zikatero lekani kuiyatsayatsa, kopani zofunika kwambiri poyamba.

Chotchinga chimodzi chokha chimene fulashi ya Ubuntu singachidumphe ndi BitLocker, ndipo apa m'pamene anthu athu amapwetekeka kwenikweni. BitLocker amasandutsa zonse za pa diski kukhala zosawerengeka, kiyi wake n'kumusunga mu TPM. UEFI ikasinthidwa, kapena apudeti ikakhudza njira yoyambira, TPM imakana kupereka kiyiyo, ndipo sikirini yabuluu imafunsa manambala 48. Ambiri sadziwa n'komwe kuti diski yawo ndi yokiya, poti makina atsopano amadzikiya okha munthu akangolowa ndi akaunti ya Microsoft, ndipo kuyambira pa 24H2 zimenezi zafalikira ku makina ochuluka. Manambalawo amasungidwa mu akaunti imene inalowa koyamba, ndipo amapezeka polowa pa account.microsoft.com ndi foni, mbali ya Devices. Funso ndi lakuti akauntiyo ndi ya ndani. Ngati laputopu munapatsidwa ndi madamu amene munkawagwirira ntchito ku Constantia, kiyi akhoza kukhala mu akaunti yawo, kapena ya mwana wawo amene ali kunja. Ngati inachokera ku kampani kapena ku sukulu, ali ku ofesi ya makompyuta ya kumeneko. Ngati wa m'shopu anakutsegulirani imelo imene simukuikumbukira, ali mu imeloyo. Popanda manambala amenewo palibe katswiri wa ku Bellville kapena ku Microsoft komwe amene angatsegule diskiyo, ndipo wolonjeza kutero akungofuna ndalama zanu. Choncho ngati laputopu yanu ikuyaka lero, lowani mu Settings muone ngati Device encryption ndi yotsegula, pezani manambala 48 aja, muwalembe papepala n'kuwasunga pamodzi ndi pasipoti. Ndipo amene mukutumiza laputopu kumudzi kudzera kwa matransipota, ikani pepalalo m'chikwama momwemo. M'bale wanu ku Nkhata Bay sadzakhala ndi kolowera tsiku limene sikirini ija idzabwere.

Ubuntu nayenso amagwa pokwezedwa, tisabise. Mtundu wake wokhalitsa umatuluka mu April zaka ziwiri zilizonse, ndipo anthu a 22.04 anayamba kuitanidwa kupita ku 24.04 kumapeto kwa August 2024, kenako Canonical inaimitsa kaye kukwezako kwa masiku angapo itapeza cholakwika. Ubwino wake ngwakuti Ubuntu amasunga kernel yakale. Poyatsa gwirani Shift, kapena dinani Esc pa makina a UEFI, kuti GRUB aoneke, sankhani Advanced options, muyambire pa kernel yam'mbuyo. Ngati kukwezako kunadulidwa pakati, lowani mu recovery mode, kapena dinani Ctrl, Alt ndi F3 kuti mupeze polemba malamulo, mulembe sudo dpkg --configure -a, kenako sudo apt -f install. Zimenezi zimamalizitsa zimene zinatsala. Sikirini yakuda kawirikawiri imakhala ya dalaivala wa NVIDIA, ndipo kuonjezera liwu la nomodeset pa mzere wa kernel mu GRUB kumakulowetsani kuti mukonze. Mukaona mawu akuti grub rescue, GRUB wasochera, ndipo pulogalamu ya Boot-Repair yoyendetsedwa kuchokera pa fulashi imamubwezera m'malo. Kwa laputopu yolimba imene Windows 11 akuikana, ine ndimaona kuti kuikamo Ubuntu kapena Linux Mint n'kwanzeru kuposa kukakamiza Windows amene adzakanenso mawa. Kulemba makalata, kutumiza CV, WhatsApp ya pa intaneti ndi maphunziro a mwana zimayenda bwinobwino.

Si aliyense angakwanitse zonsezi yekha, ndipo kupita kwa wokonza si kulakwa. Ambiri mwa anyamata a m'timashopu timeneti ndi aluso, ndipo amafomata chifukwa ndi njira yachangu imene kasitomala wothamanga amavomera. Chofunika n'kulankhula momveka musanasiye makina: "Achimwene, musafufute kanthu. Muyambe mwakopera mafayilo anga apa, ndiwaone, kenako tikambirane." Bwerani ndi diski kapena fulashi yanu, ndi chithunzi cha uthenga uja. Lamulo la dziko lino loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, limateteza aliyense wogula posayang'ana kumene anabadwira. Gawo 15 limaletsa wokonza kukulipiritsani ntchito imene sanakuuzeni mtengo wake inu n'kuvomereza, gawo 57 limapereka chitsimikizo cha miyezi itatu pa zida zimene waika ndi ntchito yoziikayo, ndipo gawo 56 limapereka miyezi isanu ndi umodzi pa katundu wogula kwa wamalonda, ngakhale siligwira pa zogulana anthu awiri paokha. Pemphani lisiti yolembedwa dzina la makina ndi nambala yake.

Kufomata kuli ndi nthawi yake. Mafayilo akakhala kuti apulumuka, Windows.old palibe, Startup Repair ndi bcdboot zakanika, kuika dongosolo latsopano ndi njira yoyenera, ndipo ngati diski yakale ndi yozungulira, imeneyo ndi nthawi yabwino yogula diski yatsopano ya SSD. Yatsopanoyo ilowe m'makina, yakaleyo isafufutidwe. Iikidwe m'kabokosi ka USB, muzitengamo zanu pang'onopang'ono mpaka mutatsimikiza kuti palibe chatsala.